Tango: Mafunso ndi Mayankho pa Mbiri ya Gule ndi Nyimbo za ku Río de la Plata

Anthu amene aonerapo tango pa kanema amakonda kufunsa mafunso ofanana. Tawasonkhanitsa pano, kuyambira ophweka mpaka ofuna kufatsa nawo. Pamene nkhani yafotokozedwa kale pa funso lina, tikungokulozerani komweko.

Kodi tango n'chiyani kwenikweni, gule kapena nyimbo?

Ndi zonse ziwiri, ndiponso ndi ndakatulo. Munthu wa ku Buenos Aires akati "tango" akhoza kutanthauza gule wa anthu awiri okumbatirana, nyimbo yoimbidwa ndi gulu la oimba, kapena mawu a nyimboyo, amene ena amawaloweza pamtima. Alipo okonda tango moyo wawo wonse amene sanaponyepo phazi m'bwalo lovinira. Iwo n'kumvetsera basi.

Guleyo, mukamuchotsa zokometsera zonse, ndi kuyenda. Awiri akumbatirana, zifuwa zayang'anizana, mmodzi akutsogolera, mnzake akuyankha, ndipo akuyenda motsata nyimbo. Masitepe sakhala okonzeratu. Wotsogolera amaganiza pompo, ndipo mnzakeyo amamva za sitepe yotsatira kudzera pa chifuwa ndi mkono, osati ndi maso kapena mawu.

Inayambira kuti, ndipo liti?

M'mizinda iwiri: Buenos Aires ku Argentina ndi Montevideo ku Uruguay. Mizindayi ili tsidya ili ndi tsidya lina la Río de la Plata, pamene mitsinje ya Paraná ndi Uruguay imaphatikizana n'kukathira m'nyanja ya Atlantic. Oimba ndi ovina ankawoloka pa sitima kawirikawiri, moti nyimbo ikatchuka mbali imodzi sinkachedwa kumveka mbali inayo.

Tango ilibe tsiku lobadwa. Inaumbika pang'onopang'ono kuyambira m'zaka za m'ma 1870, ndipo pofika m'ma 1890 inali itasiyana kale ndi magule amene inachokerako. Amene amati ndi ya Argentina yokha amawalakwira anthu a ku Uruguay. Nyimbo ya tango yodziwika kuposa zonse padziko, "La cumparsita", anaipeka ndi mnyamata wa ku Montevideo, Gerardo Matos Rodríguez, cha m'ma 1916, asanakwanitse n'komwe zaka 20.

Anaiyambitsa ndani?

Palibe munthu mmodzi amene tingamuloze. Anaiyambitsa ndi anthu osauka okhala kumalire a mzinda, ndipo ambiri mwa iwo anali kutali ndi kwawo.

Mu 1869 mzinda wa Buenos Aires unali ndi anthu osakwana 200,000. Pofika 1914 anali atapitirira 1.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anabadwira kunja kwa dzikolo. Sitima zinkatsitsa Ataliyana ndi anthu a ku Spain miyandamiyanda, komanso Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, Afalansa, Aluya a ku Syria ndi Lebanon. Boma linawaitana kuti adzalime ndi kumanga dziko, koma minda inali kale m'manja mwa eni chuma ochepa, choncho ambiri anangotsakamira m'tauni. Ankakhala m'nyumba zalendi zotchedwa conventillo: zipinda zambirimbiri zozungulira bwalo limodzi, banja lonse m'chipinda chimodzi, mpope ndi chimbudzi zogawana. Pa bwalo limenelo madzulo mumamveka Chitaliyana, Chisipanishi ndi zilankhulo zina nthawi imodzi, wina akuliza gitala, wina vayolini.

Kumalire komweko kunafikanso ma gaucho, abusa a ng'ombe okwera pa akavalo, amene moyo wawo wa m'madambo unatha pamene eni malo anayamba kutchinga mipanda ya waya. Iwo anabwera ndi gitala ndi mwambo wopeka ndakatulo mopikisana. Ndipo kunali anthu akuda, amene anali mumzindawo kalekale obwera onsewa asanafike. Amalinyero anabweretsa habanera wa ku Cuba, Azungu anabweretsa polka, mazurka ndi waltz, magule ovina mogwirana. Tango inatuluka pamene zonsezi zinakumana.

N'zoona kuti tango ili ndi mizu ya ku Africa?

N'zoona, ngakhale kuti kwa zaka zambiri mabuku a ku Argentina ankaidumpha nkhaniyi kapena kuikhudza mwa patalipatali.

Buenos Aires ndi Montevideo anali madoko otsitsirapo akapolo. Kalembera wa mu 1778 anasonyeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse ku Buenos Aires anali wakuda kapena wa magazi osakanikirana. Ambiri anagwidwa ku Congo ndi Angola, koma chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700 sitima zina zinkanyamula anthu kuchokera ku gombe la Mozambique n'kukawatsitsa ku Montevideo. Kumeneko anthuwa anadzisonkhanitsa m'magulu otchedwa "mitundu", monga Congo, Benguela, Angola ndi Mozambique. Gulu lililonse linali ndi mfumu yake ndi malo ake osonkhanirapo, linkathandizana pa maliro, kusonkha ndalama zowombolera anzawo ku ukapolo, ndi kuvina gule wa ng'oma wotchedwa candombe.

Anyamata odzitama a kumalire, otchedwa compadrito, ankapita kukaonerera magule amenewa n'kumatengera kavinidwe kake. Mu 1883 wolemba wina, Ventura Lynch, analemba kuti anyamatawa ankavina milonga, gule amene ndi mkulu wake wa tango, monyogodola magule a anthu akuda. Kunyogodolako n'kumene kunasanduka kuphunzira. Kuima mwadzidzidzi pakati pa gule, kumene amati corte, ndi kuthyola thupi m'chiuno, kumene amati quebrada, akatswiri ambiri amati kunachokera komweko. Chatsopano chinali kuchita zimenezi anthu awiri atakumbatirana, pamene mu candombe ankavina osagwirana.

Oimba oyambirira ambiri analinso akuda. Casimiro Alcorta ankaliza vayolini. Rosendo Mendizábal, woliza piyano, ndiye anapeka "El entrerriano" cha m'ma 1897, imodzi mwa nyimbo zakale kwambiri za tango zimene zikuimbidwabe. Leopoldo Thompson anathandiza kukhazikitsa malo a besi yaikulu m'gulu la oimba tango. Mayina amenewa ndi ofunika kuwatchula mokweza, chifukwa dziko limene linanyadira tango linalinso kalikiliki kudzionetsa ngati la Azungu okhaokha. Anthu akuda anachepa chifukwa cha nkhondo, matenda monga mliri wa mu 1871, kukwatirana ndi mitundu ina, ndi kumizidwa m'chiwerengero cha obwera, komanso chifukwa olemba kalembera anasiya kuwawerenga ngati akuda. Sanathe ayi. Pa kalembera wa mu 2010 anthu pafupifupi 150,000 ku Argentina ananena kuti makolo awo anachokera ku Africa.

Ngati zili choncho, ng'oma zinapita kuti?

Funsoli limavutitsa aliyense wokulira pa ng'oma, chifukwa nthawi zambiri gulu la oimba tango silikhala ndi ng'oma ngakhale imodzi. Ntchito yake inagawidwa kwa zoimbira zina. Dzanja lamanzere la woliza piyano ndi besi ndizo zimasunga kugunda kwa nyimbo, ndipo oliza vayolini ndi bandoneón, choimbira chonga akodiyoni, nthawi zina amamenya kapena kukhwekhwereza zoimbira zawo kuti zitulutse phokoso losakhala la nyimbo koma la kugunda. Mukamvetsera "La yumba" ya Osvaldo Pugliese, ya mu 1946, mumva gulu lonse likusinja ngati mtondo.

Ng'oma zenizenizo zilipo ku Montevideo, kumene candombe akadali wamoyo m'madera a Barrio Sur ndi Palermo. Amaimba ndi ng'oma zitatu, chico, repique ndi piano, akuyenda m'misewu.

Mawu oti "tango" ndi "milonga" amatanthauza chiyani?

Gule amene tikumudziwa lero asanabadwe, mawu oti "tango" ankapezeka kale m'makalata a boma la atsamunda, kutanthauza malo kapena misonkhano imene anthu akuda ankavinirako. Ndiye chifukwa chake akatswiri ambiri amati ndi mawu ochokera ku Africa, ngakhale amasiyana maganizo pa chilankhulo chenicheni.

"Milonga" amati ndi mawu a Chikimbundu cha ku Angola otanthauza "mawu" kapena "zokamba". Khutu la Mchewa silidabwa nawo, chifukwa "mi-" wakeyo ndi yemwe uja wa "mitengo" ndi "milandu", ndipo anzathu Asena amati "kulonga" potanthauza kulankhula. Masiku ano mawuwa ali ndi matanthauzo awiri: mtundu wa nyimbo yofulumira ndi yansangala, imene ndi mkulu wake wa tango, komanso malo kapena usiku umene anthu amasonkhana kudzavina.

Ena amati inabadwira m'nyumba za mahule. N'zoona?

Pali choona pang'ono, koma nkhaniyi inakokomezedwa. Nyumba zoterozo zinalipo zambiri, pakuti amuna obwera okha anali ochuluka kuposa akazi, ndipo zina zinkalemba oimba kuti asangalatse odikirira. Kumeneko n'kumene anyamata a m'mabanja olemera anaionera tango koyamba, ndipo popeza iwowo ndi amene ankalemba mabuku, anafalitsa zoti n'komwe inachokera. Wolemba wotchuka Jorge Luis Borges anali mmodzi mwa olimbikira maganizo amenewa.

Koma tango inkavinidwanso pa mabwalo a nyumba zalendi, pa maukwati, m'misewu pa nthawi ya chikondwerero cha carnaval, ndi m'makona mwa misewu pamene oyenda ndi limba lopukusa ndi dzanja ankaima. Mapepala a nyimbo zake ankagulidwa ndi mabanja wamba okhala ndi piyano m'nyumba. "El choclo" ya Ángel Villoldo inaimbidwa koyamba mu 1903 m'lesitilanti ya anthu olemekezeka.

Bwanji pa zithunzi zakale amuna akuvina ndi amuna anzawo?

Ankaphunzira. Mkazi sakanalola kuvina ndi munthu womuponda zala, ndipo akazi anali ochepa, monga tanenera pa funso lapitali. Choncho mnyamata ankayamba wapita kumalo oyeserera kumene kunali amuna okhaokha. Poyamba ankavina mbali ya wotsatira kwa miyezi, kuti thupi lake lidziwe momwe kutsogoleredwa kumamvekera, kenako n'kuloledwa kutsogolera. Mwambo umenewu unapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1950, ndipo masitepe ambiri atsopano anapekedwa m'malo oterewa.

Choimbira chonga akodiyoni chija n'chiyani?

Ndi bandoneón. Oimba tango amachitchula mwachikondi kuti fueye, kutanthauza mvukuto, ndipo mukachiona chikutambasuka ndi kukhwinyata pa mawondo a woimba mumvetsa chifukwa chake.

Kwawo ndi ku Germany. Dzina lake linachokera kwa Heinrich Band wa mumzinda wa Krefeld, amene ankachigulitsa m'zaka za m'ma 1840. Chinafika ku Río de la Plata chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa: chinasinthiratu tango. Magulu oyambirira ankakhala ndi chitoliro, vayolini ndi gitala, ndipo nyimbo zawo zinali zopepuka, zodumphadumpha. Bandoneón italanda malo a chitoliro, nyimbo zinayamba kuyenda mofatsa ndi mozama.

N'chovuta kuchiphunzira. Chimene amagwiritsa ntchito pa tango chili ndi mabatani 71, 38 kudzanja lamanja ndi 33 kumanzere, ndipo pafupifupi batani lililonse limalira mosiyana mukamakoka mvukuto ndi mukamaukankha. Mabataniwo sanandandalikidwe motsatana ngati a piyano, moti woimba amayenera kuloweza mapu anayi m'mutu. Zokondedwa kwambiri ndi za fakitale ya Alfred Arnold, zotchedwa "Doble A". Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itadula malondawa, oimba anatsala ndi zakale zomwezo, ndipo ambiri lero akuliza zoimbira zopangidwa agogo awo ali ana. Mu 2009 Argentina inakhazikitsa lamulo loteteza ma bandoneón akale kuti asamangotuluka m'dziko.

Gulu lokhazikika la tango, orquesta típica, m'zaka za m'ma 1920 nthawi zambiri linkakhala ndi anthu 6: ma bandoneón awiri, mavayolini awiri, piyano ndi besi. Julio De Caro, amene anayambitsa gulu lake mu 1924, ndiye anabweretsa kaimbidwe kokonzedwa mwaluso, kopatsa choimbira chilichonse mpata wolankhula. Nyengo ya iye asanabwere amaitcha Guardia Vieja, ya oimba akale, ya pambuyo pake Guardia Nueva, ya oimba atsopano.

Inafika bwanji ku Ulaya, ndipo anailandira motani?

Inapita ndi oimba okajambulitsa mbale ku Paris komanso ana a anthu olemera a ku Argentina amene ankakasangalala kumeneko. Pofika 1913 mzinda wa Paris unali utapenga nayo, ndipo London, Berlin ndi New York anatsatira. Kunali maphwando a tiyi ovinirapo tango, madiresi ong'ambidwa m'mbali kuti mwendo uziyenda momasuka, ngakhale mtundu wina wa chikasu chofiirira unapatsidwa dzina la tango.

Akuluakulu ena anaipidwa nayo. Mfumu ya Germany, Wilhelm II, inaletsa akuluakulu a asilikali kuivina atavala yunifolomu, ndipo kumayambiriro kwa 1914 bishopu wamkulu wa ku Paris anaidzudzula poyera. Kuletsako kunangoonjezera chidwi.

Chimene chinachitika kwawo n'chophunzitsa. Mabanja apamwamba a ku Buenos Aires, amene ankaiona tango ngati chonyansa cha anthu a kumalire, atamva kuti Paris waivomereza anaitsegulira zitseko. Koma anailandira itasambitsidwa: corte ndi quebrada zinachepetsedwa, ndipo malo ena ovinira ankaziletseratu.

Carlos Gardel anali ndani, poti chithunzi chake chili paliponse?

Ndi woimba amene anasandutsa tango kukhala nyimbo yomvetsera mawu. Mu 1917 anajambula "Mi noche triste", mawu ake olembedwa ndi Pascual Contursi, yonena za mwamuna amene mkazi wamuchokera n'kutsala yekha m'chipinda. M'mbuyomo mawu a tango, pamene analipo, anali odzitama kapena otukwana. Iyi inali yolira, ndipo inatsegula njira imene olemba ambiri anadzatsata.

Gardel anakulira m'dera la msika wa Abasto ku Buenos Aires. Za komwe anabadwira pali mkangano wosatha: ambiri amati ku Toulouse, ku France, pa 11 Disembala 1890, koma a ku Uruguay amati ku Tacuarembó, m'dziko lawo. Anatchuka pa mbale ndi pa wailesi, kenako m'mafilimu amene anajambula ku France ndi ku New York, mmene munatuluka nyimbo monga "Volver" ndi "Por una cabeza", zopekedwa pamodzi ndi Alfredo Le Pera. Awiriwa anafera limodzi pa 24 Juni 1935, pamene ndege yawo inawombana ndi ina pa bwalo la ndege la Medellín ku Colombia.

Manda ake ali ku Chacarita, ndipo okamuona amakonda kupanikiza ndudu yoyaka pakati pa zala za chiboliboli chake. Anthu a kumeneko ali ndi mawu oti Gardel tsiku lililonse akuimba bwino kuposa dzulo. Tsiku la tango ku Argentina ndi 11 Disembala, tsiku lobadwa la Gardel ndi De Caro yemwe.

Bwanji nyimbo zake zimamveka zachisoni?

Kumbukirani amene anaziimba, monga tafotokozera pa funso lachitatu. Munthu amene anasiya mayi ake ku Napoli ku Italy kapena ku Galicia ku Spain, akudziwa kuti mwina sadzawaonanso, saimba ngati wokhala pakhomo pa makolo ake. Nkhani zobwerezedwa mu tango ndi za mayi wokalamba, dera limene munthu anakulira limene lasintha, chibwenzi chimene chinatha, mowa, juga ya mahatchi, ndi zaka zimene zapita osabwerera.

Zina ndi zodzudzula. "Cambalache" ya Enrique Santos Discépolo, ya mu 1934, imadandaula za dziko limene wakuba ndi wolungama akuyesedwa ofanana, ndipo maboma a asilikali sankaikonda. Olemba ambiri ankagwiritsa ntchito lunfardo, chilankhulo cha m'misewu chodzala ndi mawu a Chitaliyana ndi mawu otembenuzidwa chamutu, monga "gotán" m'malo mwa "tango". Mu 1943 boma linaletsa lunfardo pa wailesi, moti nyimbo zina zinasinthidwa mawu ndi mayina, mpaka chiletsocho chinafewetsedwa mu 1949.

Si zonse zachisoni. Milonga ndi yansangala, ndipo vals, waltz wa kumeneko, ndi wokoma mozungulira.

Ndi liti pamene tango inafika pachimake?

Kuyambira cha m'ma 1935 mpaka 1955, nyengo imene eni ake amaitcha Época de Oro, kutanthauza nyengo ya golide. Pafupifupi nyimbo zonse zimene zimavinidwa m'ma milonga lero, kaya ku Buenos Aires, ku Istanbul kapena ku Cape Town, zinajambulidwa m'zaka zimenezi.

Anaiyatsa moto ndi Juan D'Arienzo. Tango inali itayamba kukhala yongomvetsera, koma iye, pamodzi ndi woliza piyano Rodolfo Biagi amene analowa m'gulu lake mu 1935, anabwezeretsa kugunda kwachangu ndi komveka, ndipo achinyamata anathamangira m'mabwalo. Magulu anakula kufika ma bandoneón anayi kapena asanu ndi mavayolini ochuluka chimodzimodzi. Makalabu a mpira ankasandutsa mabwalo awo kukhala malo ovinira Loweruka usiku, anthu zikwi nthawi imodzi, ndipo magulu a oimba anali ndi owatsatira ngati matimu.

Ovina amatchula mayina anayi pamwamba pa onse, ndipo aliyense ali ndi kakomedwe kake. D'Arienzo amakukankhani kuti muponde. Carlos Di Sarli ndi wosalala, wa mavayolini otambalala, wabwino kwa oyamba kumene. Aníbal Troilo, amene ankamutcha Pichuco, ankaliza bandoneón ngati akulankhula ndi munthu, ndipo ankadziwa kusankha oimba pakamwa. Osvaldo Pugliese ndi wolemera, amakoka nthawi n'kuimasula, ndipo nyimbo zake amakonda kuziika usiku utapita. Pugliese anali wa chipani cha chikomyunizimu ndipo gulu lake linkagawana ndalama ngati kopaletivi. Ankamangidwa kawirikawiri, ndipo akakhala m'ndende gulu linkaimbabe, duwa lofiira litaikidwa pa piyano yopanda munthu.

Nanga akazi anali kuti m'mbiri yonseyi?

Analipo kuyambira pachiyambi, kungoti magulu a oimba anali a amuna. Paquita Bernardo ankaliza bandoneón ndi kutsogolera gulu lake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, nthawi imene anthu ankati choimbiracho n'chosayenera mkazi; anamwalira mu 1925 akadali mtsikana. Pa wailesi ndi m'mafilimu munatchuka Rosita Quiroga, Azucena Maizani, Mercedes Simone, Ada Falcón, Libertad Lamarque ndi Tita Merello. Maizani nthawi zina ankaimba atavala suti yachimuna, pakuti mawu a nyimbo zambiri analembedwa ngati akulankhula ndi mwamuna. Pa kuvina, Carmencita Calderón, mnzake wa katswiri El Cachafaz, anakhala ndi moyo zaka 100 ndipo ankavinabe ali nkhalamba.

Chinaigwetsa n'chiyani?

Zinthu zingapo zinakumana. Mu 1955 asilikali analanda boma la Juan Perón, ndipo oimba odziwika kuti ankamukonda, monga Hugo del Carril ndi Nelly Omar, anatsekeredwa kunja kwa wailesi. Misonkhano ya anthu ambiri inkaonedwa mokayikira. Kulipira gulu la anthu 12 kapena kuposa kunakhala kodula poyerekeza ndi kuliza mbale. Ndipo achinyamata anatembenukira ku rock, n'kumaiona tango ngati ya madala. Kwa zaka pafupifupi 30 panadutsa mbadwo wonse wosaphunzira kuvina. Guleyo anasungidwa ndi anthu ochepa okalamba m'makalabu a m'madera monga Villa Urquiza.

Astor Piazzolla anaipha tango kapena anaipulumutsa?

Funsoli linkayambanitsa anthu ku Buenos Aires, ndipo iye mwini ankanyozedwa m'misewu chifukwa cha nyimbo zake.

Anabadwira ku Mar del Plata mu 1921 koma anakulira ku New York, kumene anamva jazz ndi nyimbo za Bach. Ali mnyamata anakumana ndi Gardel, n'kuoneka mu filimu yake ina ngati wogulitsa nyuzipepala. Gardel anamuitana kuti ayende naye pa ulendo wokaimba, bambo ake anakana poti anali wamng'ono, ndipo ulendo wake unali womwe uja wothera ku Medellín. Atabwerera kwawo analowa m'gulu la Troilo mu 1939, uku akuphunzira kupeka nyimbo kwa Alberto Ginastera. Mu 1954 anapita ku Paris kukaphunzira kwa Nadia Boulanger, akubisa zoti ndi woliza bandoneón chifukwa ankachita nazo manyazi. Mayiyo atamumva akuimba tango yake anamuuza kuti Piazzolla weniweni ndi ameneyo, asamutaye.

Anabwerera n'kuyambitsa Octeto Buenos Aires mu 1955, muli gitala yamagetsi, ndipo nyimbo zake zinali zoti munthu akhale pansi amvetsere, osati avine. Ankaliza ataimirira, phazi limodzi pa mpando. "Adiós Nonino" anaipeka mu 1959 bambo ake atamwalira, "Libertango" mu 1974. Anamwalira pa 4 Julayi 1992.

Kunena mwachilungamo, sanaiphe, chifukwa mabwalo ovinira anali akuphwa kale pa zifukwa zimene tatchula pamwambapa. Chimene anachita n'kutengera tango m'maholo a nyimbo padziko lonse pa nthawi imene kwawo inali kuzilala. Koma sanapulumutse guleyo. Ntchito imeneyo anaigwira ndi ena.

Tsono guleyo anadzuka bwanji?

Anadzukiranso ku Paris. Mu Novembala 1983 chionetsero chotchedwa Tango Argentino, chokonzedwa ndi Claudio Segovia ndi Héctor Orezzoli, chinatsegulidwa mumzindawo, ndipo mu 1985 chinafika ku Broadway ku New York. Ovina ake sanali achinyamata owonda a pa siteji. Ambiri anali achikulire amene anaphunzira m'ma milonga, monga Juan Carlos Copes ndi María Nieves, komanso Virulazo, bambo wonenepa amene pamodzi ndi mkazi wake Elvira ankadabwitsa anthu ndi kupepuka kwa mapazi ake. Oonerera anatuluka akufunsa kumene angaphunzire.

Chaka chomwecho cha 1983 ulamuliro wa asilikali unatha ku Argentina. Alendo anayamba kufika kudzafuna aphunzitsi, achinyamata a kumeneko nawonso anapita kwa madala aja, ndipo anthu amene kwa zaka zambiri palibe ankawalabadira anapezeka akuitanidwa kukaphunzitsa kunja. Kuyambira 2003 mzinda wa Buenos Aires umachititsa mpikisano wapadziko lonse chaka ndi chaka, ndipo mu 2009 mwamuna ndi mkazi a ku Japan anapambana gawo la tango ya m'bwalo. Mu 2009 momwemo bungwe la UNESCO linaika tango, m'dzina la Argentina ndi Uruguay pamodzi, pa mndandanda wa miyambo ya mtundu wa anthu, womwe ulinso ndi Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Candombe naye analowa chaka chomwecho.

Bwanji tango ya pa mipikisano ya pa TV imaoneka yosiyana?

Chifukwa ndi gule wina. Tango itafika ku England, aphunzitsi a magule anaikonzera malamulo m'zaka za m'ma 1920 kuti iziphunzitsika ndi kupikisanirana. Motero munabadwira tango ya ballroom, imene ovina amagundana m'chiuno, zifuwa zitatalikirana, mitu ikutembenuka mwamphamvu, nyimbo ikugunda ngati ya asilikali, nthawi zambiri ndi ng'oma. Duwa lolumidwa pakamwa ndi la mafilimu basi; ku milonga simudzaliona.

Tango ya ku Argentina nayo ili pawiri. Ya pa siteji ndi yokonzeratu, yoponya miyendo ndi kunyamulana. Ya m'bwalo ndi ija tafotokoza pa funso loyamba. Palinso ya ku Finland, kumene tango inafika mu 1913 n'kukhazikika mpaka kusanduka yawoyawo, yoimbidwa m'chilankhulo chawo. Tauni ya Seinäjoki imachita chikondwerero chake chaka chilichonse kuyambira 1985.

Ku milonga kumayenda bwanji?

Nyimbo zimaikidwa m'magulu a zitatu kapena zinayi za gulu limodzi la oimba, ndipo nyimbo zotsatizana choterozo amazitcha tanda. Tanda ikatha pamalira kachidutswa ka nyimbo yosakhala tango, cortina, kuti aliyense abwerere pampando. Mukavomera kuvina ndi munthu mwavomera tanda yonse, ndipo kunena "gracias", kutanthauza zikomo, pakati pake ndi kumuuza kuti zakwana.

Kuitana kumachitika ndi maso. Wofuna kuvina amayang'ana mnzake ali patali, maso akakumana amagwedeza mutu pang'ono, ndipo winayo akavomera amagwedezanso. Ngati sakufuna amangoyang'ana kumbali, palibe wachita manyazi pagulu. Mwambo umenewu ndi cabeceo. M'bwalo onse amayenda mozungulira mosemphana ndi kayendedwe ka wotchi, osapitirirana, osabwerera m'mbuyo, ndipo mwendo sukwezedwa pamene pali anthu ambiri. Ma milonga ambiri amatseka usiku ndi "La cumparsita".

Kodi ikusinthabe?

Ikusintha. M'zaka za m'ma 1990 Gustavo Naveira ndi Fabián Salas anaunika kayendedwe ka guleyu mwatsatanetsatane, ndipo zimene anapeza zinabala kavinidwe komasuka kotchedwa tango nuevo. Mu 2001 gulu la Gotan Project la ku Paris linasakaniza bandoneón ndi nyimbo za pa kompyuta, ndipo Bajofondo, gulu la oimba a ku Argentina ndi Uruguay, linatsatira. Akazi ambiri tsopano amaphunzira kutsogolera, ndipo magulu a achinyamata ku Buenos Aires akupeka tango zatsopano zonena za mzinda wa lero. Okalamba ena amang'ung'udza kuti si tango imeneyo, mawu omwe ananeneredwa De Caro ndi Piazzolla.

Ndikufuna kuyamba kumvetsera. Ndiyambire pati?

Yambani ndi Di Sarli wopanda mawu, monga "Bahía Blanca", ndipo yesani kuyenda m'chipinda motsata kugunda kwake, sitepe imodzi pa kugunda kwamphamvu kulikonse. Kenako D'Arienzo wa kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Troilo ndi woimba wake Francisco Fiorentino, ndipo Pugliese abwere khutu litazolowera. Gardel mumumvetsere mutakhala pansi, pakuti nyimbo zake sizivinidwa kawirikawiri m'ma milonga. Pomaliza ikani "Adiós Nonino", kenako mubwerere ku "El entrerriano" ya Mendizábal, mumve mtunda umene nyimboyi inayenda m'zaka pafupifupi 60.